Mafuta a lubani amakhazika mtima pansi koma si mankhwala a chifuwa

Anthu ambiri a m'boma la Chipangali ndi mu mzinda wa Chipata amadziwa lubani chifukwa cha utsi wake wonunkhira umene umafukizidwa pa Misa m'matchalitchi a Katolika. Masiku ano lubani yemweyo amagulitsidwanso ngati mafuta a m'timabotolo, amene anthu amanunkhiza pofuna kupumitsa maganizo.

Lubani ndi utomoni wa mitengo ya mtundu wa Boswellia, imene imamera m'madera ouma a maiko a Oman, Yemen, Somalia, Ethiopia ndi India. Okolola amatema khungwa la mtengo, utomoni nutuluka ndi kuuma. Mafuta amapezeka pophika utomoniwo ndi nthunzi, ndipo amatuluka ochepa, n'chifukwa chake mtengo wake ndi wokwera.

Ogwiritsa ntchito mafutawa amati fungo lake limachepetsa nkhawa ndi kuthandiza munthu kupeza tulo. Ena amadonthezera madontho ochepa m'madzi otentha kuti fungo lifalikire m'nyumba. Podzola pakhungu, dontho limodzi kapena awiri amasakanizidwa ndi kasupuni ka mafuta ena, monga a mpendadzuwa, popeza paokha angathe kuyabwa kapena kutupitsa khungu. Mafutawa sayenera kumwedwa, ndipo asungidwe patali ndi ana. Amayi oyembekezera ndi odwala mphumu ayambe afunsa a zaumoyo.

Komabe palibe umboni wakuti mafuta a lubani amachiza khansa kapena chifuwa chachikulu cha TB. Kafukufuku wa matenda a nyamakazi wakhala akuchitika pa mankhwala ena otengedwa mu utomoni wa Boswellia serrata, amene satsagana ndi nthunzi kulowa m'mafutawo. Choncho munthu amene wakhosomola kwa milungu iwiri apite kukapimitsa ku chipatala chapafupi, pakuti mankhwala a TB ndi aulere m'zipatala za boma mu Zambia. Bungwe la ZAMRA ndilo liri ndi udindo wovomereza mankhwala ogulitsidwa m'dzikolo.

Mitengo ya lubani nayonso ili pa chiopsezo. Kafukufuku wofalitsidwa m'chaka cha 2019 anachenjeza kuti zokolola za mtundu wa Boswellia papyrifera, wopezeka ku Ethiopia, Eritrea ndi Sudan, zingatsike ndi theka m'zaka 20 chifukwa cha moto wolusa, ziweto ndi kutema mitengoyo mopitirira muyeso.