Galimoto ya Magetsi ndi Nambala Yake Yosinthasintha

Galimoto yosamwa mafuta

Magalimoto ambiri amayenda ndi mafuta. Koma alipo ena amene samwa mafuta. Amenewa amayenda ndi magetsi. Satulutsa utsi. Sacita phokoso lalikulu poyenda.

Pansi pa galimoto ya magetsi pali batire lalikulu. Ena amati bateriya. Batire limeneli ndi la mtundu umodzi ndi la m'foni ya m'manja. Koma la galimoto ndi lalikulu kwambiri. Lingathe kulemera kuposa matumba 6 a cimanga.

Batire ndi nkhokwe ya magetsi. Galimoto ikamayenda, magetsi amacepa. Akacepa, mwini galimoto amalumikiza cingwe ca magetsi. Magetsi amalowanso m'batire. Kumeneku ndiko kuchaja.

Magalimoto otere ndi ambiri ku China, ku Ulaya ndi ku America. Ku Norway, dziko lozizira la ku Ulaya, ndi ambiri zedi. M'caka ca 2024, mwa magalimoto 10 atsopano ogulidwa ku Norway, pafupifupi 9 anali a magetsi.

Makilomita 100 apita kuti?

Pamaso pa woyendetsa galimoto pamaoneka nambala. Nambala imeneyi imanena makilomita amene galimoto ingayende magetsi asanathe.

Mayi wina wa mumzinda wa Oslo, ku Norway, anali ndi galimoto yotere. Masiku onse ankayenda nayo pang'onopang'ono mumzinda. Usiku wina anaichaja mpaka batire linadzaza. M'mawa nambala inati 400.

Loweruka anapita kukaona agogo ku mapiri. Anathamanga pa mseu waukulu. Anakwera zitunda. Kunali kozizira kwambiri. Atabwerako anachajanso galimoto mpaka kudzaza. M'mawa nambala inati 300.

Mwana wake anaona nambalayo ndipo anadabwa.

"Amayi, tsiku lija inati 400. Lero ikuti 300. Makilomita 100 apita kuti? Kodi wina waba magetsi usiku?"

"Iai, mwananga. Palibe waba. Batire ndi lodzaza monga tsiku lija."

"Nanga galimoto ikunama?"

"Sikunama. Ikungoyerekeza."

Mayiyu ananena zoona. Nambala ija si muyeso weniweni wa ulendo. Ndi kuyerekeza cabe. Kuti zimveke bwino, nayi nkhani ya nkhokwe.

Nkhani ya nkhokwe

M'nkhokwe mwatsala madengu 12 a cimanga. Abambo akufunsa amayi kuti, "Cimanga ici citifikitsa pati?"

Amayi sayankha msanga. Ayamba akumbukira m'mene banja ladyera masiku apitawa. Banja limadya madengu 2 pa sabata. Tsono amayi akuti, "Citikwanira masabata 6."

Pa mudzi wina palinso nkhokwe ya madengu 12. Koma kumeneko kwabwera alendo. Azakhali abwera ndi ana awo. Tsopano pakutha madengu 3 pa sabata. Amayi a kumeneko akuti, "Citikwanira masabata 4."

Madengu ndi ofanana, 12 uku ndi 12 uko. Koma mayankho asiyana, 6 ndi 4. Palibe amene wanama. Casiyana ndi kadyedwe.

Alendo aja akacoka, yankho lidzasinthanso. Masabata adzaculuka. Cifukwa cake amayi anzeru sawerenga kamodzi kokha. Amasuzumira m'nkhokwe kawirikawiri.

M'mene galimoto imawerengera

M'kati mwa galimoto ya magetsi muli kompyuta yaing'ono. Kompyuta imeneyi imacita monga amayi aja. Imayang'ana zinthu ziwiri.

Coyamba, magetsi amene ali m'batire.

Caciwiri, m'mene galimoto yadyera magetsi pa maulendo apitawa.

Cimanga amaciyesa ndi dengu kapena lata. Magetsi amawayesa ndi muyeso wolembedwa kuti kWh. Ndi muyeso womwewo umene umaoneka pa kapepala kogulira magetsi a Credelec.

Nayi masamu ake. Batire lina limasunga 60 kWh. Poyenda bwino mumzinda, galimoto idya 15 kWh pa makilomita 100. Mu 60 muli ma 15 anai. Conco nambala iti 400.

Pothamanga m'mapiri ozizira, galimoto yomweyo idya 20 kWh pa makilomita 100. Mu 60 muli ma 20 atatu. Conco nambala iti 300.

Kompyuta siidziwa kumene woyendetsa apite mawa. Imaganiza kuti mawa ayenda monga anayendera dzulo. Mayi wa ku Oslo uja akabwerera ku maulendo ake a mumzinda, nambala idzakweranso pang'onopang'ono.

Alendo amene amadya magetsi

Batire nalo lili ndi alendo ake. Akabwera, magetsi amatha msanga.

*Mlendo woyamba ndi liwiro.* Mwana akathamanga, amamva mphepo ikumukankha pa cifuwa. Wokwera njinga amaimvanso. Galimoto nayo imalimbana ndi mphepo. Liwiro likawirikiza kawiri, mphepo imakankha kanai. Cifukwa cake galimoto ya magetsi imadya kwambiri pa mseu waukulu, ndipo imadya pang'ono mumzinda.

*Mlendo waciwiri ndi citunda.* Kupalasa njinga pa citunda kumatopetsa. Galimoto nayo imafuna mphamvu zambiri pokwera. Galimoto yocoka ku Tete, m'mbali mwa Zambezi, kukwera ku mapiri a Angónia ingadye magetsi ambiri kuposa pobwerera.

Potsika pamacitika cinthu cokondweretsa. Mawilo amazunguza injini, ndipo injini imabweza magetsi ena m'batire. Pa mtsetse wautali nambala ingathe kukwera. Koma magetsi obwerera ndi ocepa kuposa amene anatha pokwera.

*Mlendo wacitatu ndi kuzizira.* M'mawa wa cisanu zala zimauma, ndipo kugwira khasu kumavuta. Batire nalo limacita ulesi kukazizira. Limagwira bwino nchito kukakhala kofunda pang'ono, osati kozizira kwambiri kapena kotentha kwambiri.

Palinso cina. Kukazizira, anthu a m'galimoto amafuna kufunda. Galimoto ya mafuta ili ndi injini yotentha, ndipo kutenthako kumafunditsa anthu. Injini ya magetsi siitentha conco. Cofunditsira cimatenga magetsi m'batire lomwelo. Kukatentha, coziziritsira naco cimatenga magetsi. Ku Norway oyendetsa amadziwa kuti nambala ya m'nyengo ya cisanu imacepa kuposa ya m'nyengo yofunda.

*Mlendo wacinai ndi katundu.* Ng'ombe zimatopa msanga ngolo ikadzaza. Galimoto yodzaza anthu ndi katundu imadyanso kwambiri. Katundu womangidwa pamwamba amaipitsa zinthu, cifukwa amagwira mphepo.

*Mlendo wacisanu ndi mseu ndi matayala.* Njinga yocepa mpweya imalemera kupalasa. Mcenga ndi matope zimagwira mawilo. Mvula ndi mphepo yocokera kutsogolo nazo zimacedwetsa galimoto. Zonsezi zimadya magetsi.

Nkhokwe imene imacepa

Alendo amabwera ndi kupita. Koma pali cinthu cimodzi cimene sicibwerera. Batire limakalamba.

Foni yatsopano imakhalitsa ikachajidwa. Foni yakale imatha msanga. Batire la galimoto limateronso, koma pang'onopang'ono, pa zaka zambiri. Lili ngati nkhokwe imene ikucepa pang'ono caka ndi caka. Ikadzaza imakhala yodzazadi, koma madengu olowamo ndi ocepa kuposa kale.

Kutentha kwambiri kumakalambitsa batire msanga. Kulisiya lodzaza kwa masiku ambiri nako kumakalambitsa mabatire a mitundu ina. Cifukwa cake opanga magalimoto ambiri amalangiza kuti masiku wamba batire lichajidwe mpaka magawo 80 mwa 100. Batire likalekera pa 80, nambala imakhala yocepa kuposa ya batire lodzaza. Pamenepa palibe cimene cawonongeka.

Magetsi saoneka ndi maso

Madzi a mu mtsuko amaoneka. Cimanga ca m'nkhokwe cimaoneka. Magetsi a m'batire saoneka.

Kompyuta imawerenga magetsi olowa ndi magetsi otuluka. Imamvanso mphamvu ya batire ndi kutentha kwake. Powerenga imaphonya pang'ono. Galimoto ikapuma, kapena batire likadzaza bwino, kompyuta imakonza masamu ake. Conco nambala ingasinthe ndi makilomita ocepa ngakhale galimoto yangoima panja usiku wonse.

Magalimoto onse sawerenga mofanana. Galimoto yochedwa Nissan Leaf inayamba kugulitsidwa m'caka ca 2010. Nambala yake inkasintha motsata kayendetsedwe. Inkasintha kwambiri, mpaka eni ake anaipatsa dzina lanthabwala lotanthauza cipangizo congoganizira. Magalimoto a Tesla amacita mwina. Nambala ya pafupi ndi cizindikiro ca batire imacokera pa muyeso umodzi wokhazikika. Nambala yotere siisintha kwambiri, koma siikumbukira mapiri a dzulo. Nayonso ndi kuyerekeza.

Woyendetsa wanzeru

Kodi zimenezi zili ndi kanthu? Inde, zili ndi kanthu.

Galimoto ya mafuta ikaima pa njira, munthu angabwere ndi cigubu ca mafuta. Magetsi sanyamulidwa m'cigubu. Batire likatha pakati pa chire, galimoto imadikira thandizo. Mwina muli wodwala wopita ku cipatala. Mwina muli ana, ndipo kunja kukuda.

Cifukwa cake woyendetsa wanzeru sakhulupirira nambala yokha. Amadzifunsa mafunso. Kodi njira ya lero ili ndi zitunda? Kodi kwazizira? Kodi katundu ndi wambiri? Kodi malo ochajira ali pati?

Nambala ikati 300, iye sakonza ulendo wa makilomita 300. Amasiyako ena apadera. Akaona kuti magetsi akucepa msanga, amacepetsa liwiro. Amacita monga amayi amene sapereka dengu lotsiriza cimanga catsopano cisanache.

Komanso sacita mantha nambala ikatsika tsiku limodzi. Amayamba wakumbukira m'mene anayendera dzulo. Koma nambala ikatsika kwambiri popanda cifukwa, ndipo siikweranso, apo amapita ndi galimoto kwa makaniko wodziwa za mabatire.

Kodi ukudziwa?

M'kati mwa pensulo muli kanthu kakuda kolembera. Dzina lake ndi grafite. Grafite amalowanso m'mabatire a magalimoto a magetsi. Ku Balama, m'cigawo ca Cabo Delgado, kuno ku Moçambique, kuli mgodi waukulu wa grafite. Unayamba kutulutsa grafite m'caka ca 2017.

Mau atsopano

Batire: mosungira magetsi.

Kuchaja: kulowetsa magetsi m'batire.

Kilomita: muyeso wa kutalika kwa njira.

Liwiro: kuthamanga.

Kuyerekeza: kunena cinthu poganizira, usanacione ceniceni.

Yankha mafunso awa

1. Kodi galimoto ya magetsi imamwa mafuta?
2. Kodi magetsi ake amasungidwa kuti?
3. Chula alendo atatu amene amadya magetsi.
4. Kodi wina anaba magetsi a mayi wa ku Oslo?
5. N'cifukwa ciani woyendetsa wanzeru amasiyako makilomita ena apadera?

Werenga ndi miyala

Tola miyala 12. Imeneyi ndi madengu a cimanga.

Cotsa miyala 2 nthawi iliyonse mpaka ithe. Wacotsa kangati?

Bweza miyala yonse. Tsopano cotsa miyala 3 nthawi iliyonse. Wacotsa kangati?

Bwezanso. Cotsa miyala 4 nthawi iliyonse. Wacotsa kangati?

Kodi miyala inatha msanga liti?

Jambula

Jambula galimoto ikukwera citunda. Jambulanso galimoto ikutsika. Ika cizindikiro pa galimoto imene ikudya magetsi ambiri.

Kwa makolo

Mwana wa kalasi yoyamba sangawerenge nkhani yonseyi yekha. Wamkulu amuwerengere gawo limodzi pa tsiku, madzulo nchito zikatha. Akatha kuwerenga, amufunse mwana kuti afotokoze m'mau ake.

Ngati pakhomo pali foni, mwana aone nambala ya batire m'mawa ndi madzulo. Tsiku lina foni igwire nchito pang'ono. Tsiku lina iimbe nyimbo nthawi yaitali. Mwana anene tsiku limene batire latha msanga, ndipo anene cifukwa cake. Mwana asagwire zingwe za magetsi. Asatsegule batire, ndipo asaliponye pa moto.

Amayi kapena agogo apite naye ku nkhokwe. Amuuze m'mene amadziwira kuti cimanga cifika mwezi uti. Amuuzenso zimene amacita alendo akabwera. Mwana akamva masamu a nkhokwe ya kwawo, wamvanso masamu a galimoto ya magetsi.