NGOZI YA KU MWANZA: MAFUNSO AMENE ANADIKIRA ZAKA 11

PAMALIRO m'makomboni a mu Lusaka, kaya ndi ku Kanyama, ku Matero, ku Chawama kapena ku George, mwambo ndi womwewo wa kumudzi. Bokosi lisanatsikire m'manda ku Chingwere kapena ku Leopards Hill, acibale amayamba aona nkhope ya womwalirayo. Ngati munthuyo wafa pa ngozi ya galimoto, amuna ogona panja pamoto amafunsana usiku wonse kuti galimotoyo inagwa motani, anali kuyendetsa ndani, nanga apolisi alemba zotani. Mafunso otere si cipongwe kwa boma ai. Ndiyo njira imene banja limakhazikira nayo mtima pansi.

Ambiri a m'makomboni amenewa, monganso a ku Chipata, Lundazi ndi Chadiza, ali ndi abale kutsidya kwa malire ku Malawi. Kumeneko, m'mwezi wa May caka ca 1983, kunacitika maliro anai a anthu ochuka amene mafunso otere analetsedwa. Boma linati anthuwo anafa pa ngozi ya galimoto, ndipo panapita zaka 11 boma lina lisanalole kuti mauwo afufuzidwe.

Amene anafa

Anthu anaiwo sanali anthu wamba. Bambo Dick Matenje anali mlembi wamkulu wa cipani ca Malawi Congress Party, cimene cinali cipani cokha cololedwa m'dzikomo, ndiponso anali nduna. Bambo Aaron Gadama, a ku Kasungu, anali nduna yoyang'anira cigawo capakati. Bambo Twaibu Sangala anali nduna ya zaumoyo, ndipo Bambo David Chiwanga anali phungu wa Nyumba ya Malamulo wocokera ku Chikwawa.

Masiku amenewo likulu la dziko linali litasamukira kale ku Lilongwe, koma Nyumba ya Malamulo inali kukumanabe ku Zomba. Pa 17 May 1983 anaiwo anacoka ku Zomba msonkhano wa Nyumbayo utatha, koma kunyumba zao sanafike. Poyamba kunalengezedwa kuti anthuwo asowa ndipo apolisi ali kuwafuna. Pambuyo pace kunamveka kuti apezeka atafa m'galimoto imene inagwera kunsi kwa mseu wa ku Thambani m'boma la Mwanza, pafupi ndi malire a Mozambique, ndi kuti anali kuthawa m'dziko.

Cimene cinawayambanitsa ndi akuluakulu anzao anthu amacifotokoza mosiyana. Ena amachula mau olimba amene analankhulidwa m'Nyumba ya Malamulo pa za kaonongedwe ka ndalama za boma. Ena amati kunali kulimbana kwa m'kati pa funso la amene adzagwira mpando Dr Hastings Kamuzu Banda akadzacoka, pakuti anali atakalamba kale.

Zimene zinadabwitsa anthu

Ngakhale kunalibe nyuzipepa kapena wailesi imene inali ndi ufulu wofunsa, anthu m'mitima mwao anaona kuti nkhaniyi siinali kugwirizana.

Coyamba, nduna ikamwalira boma limalira maliro ace poyera, atsogoleri amafika kudzapepesa ndipo mbiri yace imawerengedwa. Kwa anaiwa sikunatero. Mabokosi anaperekedwa kwa acibale ndi lamulo lakuti asatsegulidwe, ndipo maliro anaikidwa mofulumira, apolisi ali pomwepo, popanda ulemu uli wonse wa boma. Ambiri amene anali kuwadziwa anaopa ngakhale kukakhuza malirowo.

Caciwiri, khoti silinakhalepo kuti lifufuze za imfayo monga kuyenera kukhalira munthu akafa mwadzidzidzi. Panalibe woweruza amene anaitana mboni kuti zinene zimene zinaona pa mseuwo, kapena amene anafunsa dokotala poyera kuti mabala a anthuwo anali otani.

Cacitatu, anthu anali kufunsana m'manong'onong'o kuti zinatheka bwanji kuti amuna anai odziwika m'dziko lonse, amene apolisi anali kuwafuna, adutse misewu yonse kucokera ku Zomba kukafika ku Mwanza popanda wowaimitsa, ndi kukafera onse pamodzi pa mseu wakuchire, osapulumuka ndi mmodzi yemwe wodzafotokoza.

Kufunsa kunali mlandu

Amene anabadwa pambuyo pa masiku aja angadabwe kuti cifukwa ciani abale sanapite kukadandaula. Yankho lace lili m'zimene zinali kucitika nthawi yomweyo. Pa Khrisimasi wa 1981 Bambo Orton Chirwa ndi akazi ao Mai Vera Chirwa anagwidwa m'dera la malire pafupi ndi Chipata, ndipo m'mwezi womwewo wa May 1983 khoti la mafumu linawalamula kuti anyongedwe, cilango cimene pambuyo pace cinasinthidwa kukhala ukaidi wa moyo wonse. M'mwezi wa March 1983 Dr Attati Mpakati, mtsogoleri wa gulu lina la Amalawi othawa kwao, anapezeka ataphedwa mu Harare. Munthu anali kutsekeredwa m'ndende zaka zambiri popanda mlandu wace kuzengedwa.

Cotero amene anatha kulankhula mokweza anali Amalawi okhala kunja, ndipo ambiri a iwo anali mu Lusaka muno. Koma nakonso kuno dzanja linali kuwafika. M'mwezi wa October 1989 mtolankhani Mkwapatira Mhango, amene anathawira ku Zambia ndipo anali kulemba zotsutsa boma la kwao, anafa pamodzi ndi akazi ndi ana a m'banja lace pamene nyumba yao mu Lusaka inaponyedwa bomba la moto.

Zinthu zinayamba kusintha Zambia itacita masankho a zipani zambiri mu October 1991. Pa 8 March 1992 mabishopu a Katolika a ku Malawi anawerengetsa m'machalichi kalata yodzudzula kusoweka kwa cilungamo. Mwezi womwewo Amalawi ofuna kusintha anakumana mu Lusaka, ndipo Bambo Chakufwa Chihana, amene anali nao pa msonkhanowo, anamangidwa pa bwalo la ndeke ku Lilongwe pobwerera kwao pa 6 April. Pa 14 June 1993 anthu anavotera zipani zambiri. Masankho amene anacotsa Dr Banda pampando anacitika pa 17 May 1994, tsiku lomwe lija anaiwo anasowera, zitakwana zaka 11.

Zimene bungwe lofufuza linapeza

Akuluakulu amati mlandu suola. Mtsogoleri watsopano, Bambo Bakili Muluzi, anaika bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Mtegha, ndipo anthu amene anasunga cinsinsi zaka zonsezo, ndi apolisi omwe, anayamba kulankhula. Lipoti la bungwelo linaturuka mu January 1995.

Lipotilo linati ngozi kunalibe. Anaiwo anagwidwa ndi apolisi pa mseu potuluka mu Zomba, nagonekedwa ku ndende ya Mikuyu. M'mawa mwace, pa 18 May, anatengedwa kupita ku Blantyre, ndipo kucokera kumeneko anawapititsa ku Thambani atawaphimba kumaso. Kumeneko apolisi anawapha powamenya m'mitu ndi nyundo zokhomera zikhomo za matenti. Atatha, anaika mitembo m'galimoto ya mtundu wa Peugeot ndi kuikankhira kunsi kwa mseu kuti cioneke ngati ngozi.

Apa ndi pamene anthu anamvetsa cifukwa cace mabokosi sanaloledwe kutsegulidwa. Mabala a nyundo ndi mabala a ngozi ya galimoto safanana, ndipo dokotala wololedwa kugwira nchito yace momasuka akanazindikira tsiku lomwelo.

Mlandu ku khoti

Lipoti litaturuka, Dr Banda anasungidwa panyumba ku Mudi mu Blantyre, ndipo Bambo John Tembo, amene mu 1983 anali mkulu wa banki yaikulu ya boma, anamangidwa pamodzi ndi akuluakulu ena a polisi. Anaimbidwa mlandu wopangana za kupha. Onse anaukana, ndipo Dr Banda sanafike m'khoti cifukwa ca ukalamba ndi matenda.

Apolisi amene anali ku Thambani anaima m'khoti monga mboni za boma, nafotokoza zimene anacita. Koma funso lalikulu linali lakuti lamulo linacokera kwa yani, ndipo anthu awiri amene akanaliyankha anali atamwalira kale. Amenewa ndi Bambo Mac Kamwana, amene anali mkulu wa apolisi onse mu 1983, ndi Bambo John Ngwiri, amene anali mlembi wamkulu wa Mtsogoleri ndi nduna. Pa 23 December 1995, mlandu utazengedwa pamaso pa woweruza Mackson Mkandawire, oimbidwa mlandu onse anamasulidwa. Boma linacita apilo, koma khoti lalikulu koposa linaikana mu 1997.

Mu January 1996 Dr Banda anaturutsa mau opepesa mtundu wa Amalawi pa zowawa zimene anthu anamva m'nthawi ya ulamuliro wace, koma sanabvomere kuti anatuma munthu kukapha. Anamwalira ku Johannesburg pa 25 November 1997. Bambo Tembo, amene anakana mlanduwo moyo wao wonse, anamwalira mu 2023. Motero dziko linadziwa mmene anaiwo anafera ndi manja amene anawapha, koma palibe khoti limene linapeza wolamula. Coonadi cinafika, koma cinafika mocedwa, mboni zofunika zili kale m'manda.

Kuno kwathu

Zambia nayonso inaonapo ngozi zimene zinasiya anthu ali ndi mafunso. Pa 8 December 1991 Bambo Levy Mwanawasa, ali waciwiri kwa Mtsogoleri wa dziko, anapwetekedwa koopsa pa ngozi ya galimoto mu Lusaka. Wowathandiza nchito anafera pomwepo, ndipo iwo anakagona m'cipatala ku Johannesburg miyezi itatu. Mu August 1995 Bambo Baldwin Nkumbula, mwana wa malemu Harry Mwaanga Nkumbula, anafa pa ngozi ya galimoto ku Copperbelt. Pa ngozi ziwirizi panamveka mphekesera zambiri, ndipo anthu anakangana m'mabasi, m'misika ndi m'nyuzipepa. Kusiyana kwace ndi za ku Mwanza ndi kwakuti mafunsowo anafunsidwa poyera.

Tsono si ngozi iri yonse imene iri ndi dzanja la munthu. Ngozi zambiri m'misewu ya Great East, Great North ndi ya ku Kafue zimadza cifukwa ca liwiro, mowa, tulo, matayala akutha ndi mabuleki osagwira. Kuloza mnansi cala popanda umboni kwapasula mabanja ambiri m'midzi ndi m'makomboni. Cimene cimathetsa mphekesera ndi kufufuza kocitika msanga ndiponso poyera, pamene galimoto ikali pamalo pace, mtembo usanaikidwe ndipo amene anaona akali kukumbukira.

Pa cifukwa cimeneci Zambia iri ndi lamulo lochedwa Inquests Act. Munthu akafa mwadzidzidzi kapena m'njira yokaikitsa, apolisi ayenera kudziwitsidwa, mtembo upimidwe ndi dokotala, ndipo majisitireti ali ndi mphamvu yoitana mboni kuti apeze amene wafa, kumene wafera ndi cimene camupha. Mu Lusaka mitembo yambiri yotere imapita ku cipatala cacikulu ca UTH. Mabanja ena amakana kuti m'bale wao ang'ambidwe, cifukwa ca cisoni kapena pofuna kucepetsa masiku a maliro, pakuti kudyetsa anthu ndi kulipira galimoto yonyamula mtembo kupita kumudzi kumadya ndalama zambiri. Koma manda akatsekedwa, umboni umene unali pathupi umapita nao.

Anthu a kumudzi amene mwana wao wafera pa mseu m'tauni nthawi zambiri amafika maliro atakonzedwa kale. Cingawathandize ndi kusankha wacibale mmodzi wodziwa kuwerenga kuti aone mtembo ndi maso ace, alembe dzina la polisi kumene ngoziyo inalembedwa, nambala ya galimoto ndi maina a amene anaona, ndipo asunge mapepala onse a ku cipatala ndi a ku polisi. Ngati banja silinakhutire, liri ndi kodandaula: ku Legal Aid Board kwa amene alibe ndalama za loya, ku Police Public Complaints Commission pa za kagwiridwe ka nchito ka apolisi, ndi ku Human Rights Commission. Wapolisi wacilungamo saopa mafunso a ofedwa, pakuti lipoti lolembedwa bwino limateteza iye mwini ndiponso dalaivala amene sanalakwe.

Mabanja a Matenje, Gadama, Sangala ndi Chiwanga analibe mwai umenewu. Analandira mabokosi otseka ndi mau amodzi okha akuti ngozi, ndipo akazi amasiye analera ana ao zaka 11 akumva amuna ao akuchulidwa othawa dziko. Pamene analoledwa kufunsa, amene anali ndi yankho lomaliza anali atapita kale.