Masekondi 30 a malonda, thukuta la masabata

Tikamaonera malonda a sopo kapena mafuta ophikira pa wailesi ya kanema, ambirife timaganiza kuti imeneyi ndi ntchito ya madzulo amodzi. Koma wophunzira zautolankhani, kaya ku Malawi Institute of Journalism kapena ku MUBAS yomwe kale inkatchedwa Polytechnic mumzinda wa Blantyre, akapatsidwa ntchito yokonza kanema wotsatsa malonda, sachedwa kuzindikira kuti masekondi 30 si masewera.

Pa kanema wa kuno kwathu, sekondi imodzi imanyamula zithunzi 25. Apa ndiye kuti masekondi 30 ndi zithunzi 750, ndipo chilichonse chiyenera kuthandiza kugulitsa katunduyo. Chinanso, kamera ya pasukulu imakhala yobwereka, mwina kwa tsiku limodzi lokha, magulu ena akudikira pamzere. Walakwitsa tsiku limenelo, malikisi apita, ndalama ya minibasi yapitanso.

N'chifukwa chake ntchitoyi imayambira papepala. Ophunzira amalemba timabokosi, ndipo m'kabokosi kalikonse amajambulamo ndi pensulo zomwe kamera idzaone. Pepala lotere amalitcha storyboard. Njirayi idakhazikika ku kampani ya Walt Disney ku America, ndipo katuni ya Three Little Pigs ya mu 1933 idakonzedwa motere. Naye Ridley Scott, mkulu yemwe adatsogolera filimu ya Gladiator ya mu 2000, adakulira m'malonda a pa kanema. Iye ndiye adajambula malonda otchuka a buledi wa Hovis ku Britain mu 1973, ndipo amadziwika kuti timabokosi take amajambula yekha.

Tiyerekeze kuti gulu likutsatsa chiponde. Kabokosi koyamba kaonetse msika wonse patali, kachiwiri mayi wogula kuyambira m'chiuno kupita kumutu, kachitatu botolo pafupi kwambiri kuti dzina lake liwerengeke. Pambali alembe masekondi a chithunzi chilichonse. Akaphatikiza n'kupeza 45, achotse zina asadagwire n'komwe kamera.

Komatu pepala siliona dzuwa. Gulu lochenjera limapita pamalopo kudakali tsiku limodzi, pa ola lomwelo lomwe lidzajambule, n'kuyeserera ndi foni. Dzuwa la paliwombo limaika mithunzi m'maso mwa munthu, choncho m'mawa kapena madzulo ndiye nthawi yabwino. Munthu wakhungu lakuda akaima kumbuyo kwake kuli thambo lowala, kamera imatsata kuwalako ndipo nkhope imangoti bii. Khutu nalo ligwire ntchito: chigayo chapafupi, oitanira minibasi ndi mphepo zitha kumiza mawu onse.

Palinso lamulo la madigiri 180. Anthu awiri akamayankhulana, kamera ikhale mbali imodzi ya mzere wowalumikiza. Ikadumpha mzerewo, woonera amaona ngati onse akuyang'ana kumodzi, wina sakuyankhula ndi mnzake. Wina m'gulumo azilembanso zing'onozing'ono, kuopa kuti botolo lomwe lidali lodzadza m'chithunzi choyamba lingapezeke lili theka m'chachiwiri.

Mabatire achajidwe usiku, poti magetsi salaira akafuna kuthima.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Gulu lomwe lataya masiku likulemba ndi kuyeserera limafika pamalo likudziwa poimika kamera, ndipo limaweruka dzuwa lisadalowe, botolo la chiponde litaoneka bwino.