Kodi Nyenyezi Zisanu Zimabweretsa Chikho?

Tikamagawana matimu pabwalo lathu Loweruka masana, makaputeni amathamangira anyamata amene mbiri yawo inamveka kale, ndipo ife a miyendo yolemera timatsalira kumapeto. Ine ndinkayesa kuti khalidweli ndi lathu lokha, kufikira pamene ndinayamba kuwerenga za mpira wa m'sukulu zaukachenjede za ku America. Kumeneko kusankha osewera ndi ntchito ya chaka chathunthu, ndipo alipo makampani amene amadyera pomwepo.

Ndiyambe ndanena kuti mpira wake si wamiyendo umene tiudziwawu. Ndi wosongoka uku ndi uku, amaunyamula m'manja, kuuponya ndi kugwetsana atavala zisoti zolimba. Mbali iliyonse imalowetsa anthu 11, koma ofuna zigoli ndi ena, otchinga ndi enanso, ndipo ovulala amachuluka. N'chifukwa chake timu imodzi imasunga anyamata pafupifupi 100. Bwalo la yunivesite ya Michigan limalowa anthu oposa 100,000, choncho kochi amene walakwitsa posankha sabisala.

Tsono makampani monga Rivals, 247Sports ndi ESPN amayesa anyamata akadali ku sekondale: msinkhu, liwiro, mphamvu ndi kaseweredwe. Akatero amawapatsa nyenyezi. Wa nyenyezi zisanu ndiye katswiri weniweni, ndipo a 247Sports amapereka ulemuwu kwa anyamata 32 okha pachaka. A nyenyezi zinayi amakhala mazana angapo, pamene a zitatu ndi khwimbi. Kenaka amawonkhetsa nyenyezi za anyamata onse amene yunivesite yakopa chaka chimenecho ndi kundandalika masukulu, woyamba mpaka wotsiriza. Funso ndi lakuti: kodi mndandandawu umalosera zoona?

M'chaka cha 2013 mtolankhani wina, Bud Elliott, anatulukira muyeso wosavuta. Iye anati timu yofuna chikho cha dziko lonse iyenera kukhala itakopa, m'zaka zinayi zapitazo, anyamata a nyenyezi zinayi ndi zisanu ochuluka kuposa a ziwiri ndi zitatu. Kuyambira 2011 mpaka 2024 timu iliyonse yotenga chikho inakwanitsa muyesowu, ngakhale Clemson ya 2016 ndi Michigan ya 2023 zinangopitirira theka pang'ono. Nick Saban, amene anatenga zikho zisanu ndi chimodzi ku Alabama, ankakolola akatswiri chaka ndi chaka. Ndipo mu Januwale 2023 pamene TCU, timu ya nyenyezi zochepa, inafika mu ndime yomaliza, Georgia inaiswa 65 kwa 7. Chifukwa chake n'chomveka: katswiri wa Georgia akatopa kapena kuvulala, wolowa m'malo mwake amakhalanso katswiri.

Koma wina anena kuti, nanga Patrick Mahomes? Iyeyu anali wa nyenyezi zitatu chabe, koma anadzatchuka dziko lonse mu ligi yaikulu ya NFL. Nanga Stetson Bennett, amene anatsogolera Georgia yomweyo ku zikho za 2021 ndi 2022, chikhalirecho analowa mutimuyo poyamba wopanda ndi thandizo la fizi lomwe? Apa mpamene ambiri amasokonezeka. Tiyerekeze kuti pa anyamata 32 apamwamba theka achita bwino. Amenewo ndi 16. Tiyerekezenso kuti pa anyamata 1,000 a nyenyezi zitatu, asanu okha pa 100 alionse ndiwo achita bwino. Amenewo ndi 50. Tidzamva maina ambiri a gulu lachiwirili, komabe kochi wanzeru adzathamangira gulu loyamba lija. Nyenyezi zimanena zoona za gulu, koma za mnyamata mmodzi wa zaka 17 zimatha kunama, pakuti palibe angayese ndi tepi m'mene adzakulire kapena m'mene adzapiririre.

Ngakhale za gulu zomwezo, si nthawi zonse. M'chaka cha 2022 Texas A&M inakopa gulu limene oyesa anati silinaonekepo n'kale lonse. Chikomekome cha mkuyu! Chaka chomwecho inapambana masewero 5 n'kugonja 7, ena mwa anyamatawo anasamuka, ndipo mu Novembala 2023 kochi Jimbo Fisher anachotsedwa ntchito, sukulu n'kutsala ndi ngongole kwa iye yoposa madola 75 miliyoni. Enanso amadandaula kuti oyesawo amakweza mnyamata akangomva kuti Alabama kapena Ohio State ikumufuna, kotero kuti mndandanda umangotsatira makochi m'malo mowatsogolera. Ine dandauloli ndikuliona kuti lili ndi mutu, koma silichotsa zimene zinachitika pabwalo zaka 14 zija.

Chimene chagwedeza muyeso wa Elliott ndi kusintha kwa malamulo. Kuyambira 2021 wosewera anayamba kuloledwa kusamukira ku sukulu ina osadikira chaka ali pabenchi, komanso kulandira ndalama chifukwa cha dzina lake. Curt Cignetti atapita ku Indiana, sukulu imene inazolowera kugonja, anatenga anyamata ake angapo a ku James Madison, ambiri mwa iwo onyozeka pa nyenyezi. Kenaka anakopa Fernando Mendoza kuchokera ku California. M'nyengo ya 2025 timuyi inapambana masewero onse 16 ndipo inatenga chikho mu Januwale 2026 itagonjetsa Miami, ili kutalitali ndi theka lija.

M'mene ndikuonera ine, Cignetti sananyoze luso. Iye anasankha anyamata amene anali atasewera kale zaka ziwiri kapena zitatu pa yunivesite, amene ntchito yawo inaoneka ndi maso, osati yongoyembekezera. Makampani aja nawonso sanagone: tsopano amapereka nyenyezi kwa osewera osamukawa, ndipo sukulu iliyonse ili ndi mindandanda iwiri.