Galimoto zadzaza misewu ya pafupi ndi Queens, wamalonda achenjere

Wogulitsa nthochi, mandasi kapena mayunitsi pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre amadziwa kuti malonda a pamenepa amayendera nthawi yoona odwala. M'mawa, masana ndi madzulo anthu amakhamukira pachipata atanyamula mabasiketi ndi mafulasiki. Galimoto zimene zawabweretsa zikasowa malo mkati zimangoima pena paliponse: m'mphepete mwa msewu, pa kapinga, pageti la nyumba ya eni, ngakhale kutsogolo kwenikweni kwa benchi la wamalonda. Walira mvula walira matope. Galimoto zomwezo zimene zimabweretsa makasitomala ndi zimenenso zingathe kuphetsa bizinesi.

Kuthithikana kumeneku kuli ndi magwero ake. Chipatala cha Queens chinatsegulidwa mu 1958, nthawi imene galimoto mumzindawu zinali zowerengeka. Lero chimalandira odwala otumizidwa kuchokera m'maboma a m'chigawo cha kummwera, komanso popeza Blantyre alibe chipatala chachikulu cha boma lakelo ngati mmene zilili ku Thyolo kapena ku Chiradzulu, anthu a ku Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni matenda akakula amathera komweko. Pamalopa pawonjezeka nyumba zina, monga chipatala cha ana cha Mercy James chomwe chinatsegulidwa mu 2017. Chapafupi pali sukulu za ukachenjede za KUHeS ndi MUBAS, ndiponso masitolo ndi maofesi a pa Ginnery Corner. Onsewa ali ndi antchito ndi alendo awo. Galimoto zogwiritsidwa kale ntchito zochokera ku Japan zachuluka, ma Sienta akuyenda ngati matakisi, njinga zamoto za kabaza nazo zikufuna poima. Malo okha ndi amene sanakule.

Wamalonda wochenjera amasiyanitsa galimoto ziwiri. Yoyamba ndi ya munthu wodzaona wodwala. Imaima ola limodzi kapena kucheperapo, mwini wake amatsika ali pachangu, ndipo safuna kulowa m'wodi chimanjamanja. Amagula madzi, malalanje, buledi, sopo kapena Sobo osanenerera kwambiri. Ikachoka pamabwera ina. Yachiwiri ndi ya wogwira ntchito kapena wodzagonera wodwala. Imeneyi imaima m'mawa n'kuchoka dzuwa litalowa, mwinanso mawa lake. Mwini wake akagula kamodzi basi, koma galimoto yake imakhala ngati khoma tsiku lonse, kubisa katundu kwa oyenda pansi.

Kutayako kumaoneka bwino mukawerengera. Mwachitsanzo, ngati benchi limagulitsa katundu wa K30,000 patsiku ndipo theka la ndalamazo limalowa masana pa nthawi yoona odwala, galimoto imodzi yophimba benchilo nthawi imeneyo ingadye K15,000. Ngati katunduyo ndi wosachedwa kuonongeka monga nthochi zakupsa, mandasi kapena tomato, chimene chatayika ndi mpamba weniweniwo, chifukwa mawa adzagulitsidwa motchipa kapena kutayidwa.

Vuto lina limachokera kwa eni nyumba. Galimoto zikadzaza pafupi ndi chipatala zimasefukira m'misewu yaing'ono ya kumene kumakhala anthu. Munthu akalephera kutulutsa galimoto yake chifukwa geti latsekedwa, kapena akapeza makoko a nthochi ndi majumbo pakhomo pake, sasaka dalaivala amene wachoka kale. Amaona wamalonda amene amakhala pamenepo tsiku ndi tsiku, ndipo dandaulo lake kukhonsolo limanena za mavenda. Akale pa malonda a m'misewu akukumbukira Operation Dongosolo ya mu 2006, pamene boma la Bingu wa Mutharika linachotsa mavenda m'misewu ya m'mizinda n'kuwalozera kumisika. Mpaka lero malamulo a makhonsolo salola kuchita malonda pamalo osavomerezeka, ndipo marenja akabwera amalanda katundu. Dalaivala woimika molakwika amalipira chindapusa n'kupitiriza ulendo. Venda wolandidwa dengu amabwerera kunyumba wopanda choyambira mawa.

Pa siteshoni ya sitima ku Limbe nkhani ndi yofanana, koma kayendedwe kake n'kosiyana. Chipatala chimadzaza tsiku lililonse, pomwe sitima ya anthu yolowera ku Balaka ndi ku Nayuchi imayenda masiku oikika. Tsiku la sitima mapikapu, ngolo zokankha ndi akabaza amaunjikana nthawi imodzi kudikira matumba a mbewu ndi ndiwo zochokera kumidzi ya m'mbali mwa njanji. Kwa maola ochepa njira imatsekeka, kenako pamakhala zii. Wopikula amene wafika mochedwa amaimika galimoto ya hayala kutali, ndiye amalipira kawiri: mwini galimoto ndi anyamata onyamula katundu. Ndalama imeneyo imakalowa pa mtengo wogulitsira, ndipo mnzake amene anakonzekera amamuposa pamsika. Ochenjera amagwirizana awiri kapena atatu pa galimoto imodzi, amapangana mtengo ndi dalaivala dzulo lake, ndipo amafika sitima isanalowe.

Kwa ochita malonda pafupi ndi chipatala, choyamba ndi kufunsa kukhonsolo malo amene ndi ololedwa, ndi kusunga bwino tikiti kapena chiphaso chilichonse chimene mwalipira. Safunsa anadya phula. Chachiwiri, benchi likhale kumene kumadutsa miyendo, monga njira yochokera pa siteji ya minibasi kupita pachipata, kusiyana ndi kumene kumagona galimoto. Ambiri odzaona odwala amabwera pa minibasi ndi pa kabaza, ndipo ndiwo amagula tsiku lililonse.

Chachitatu, njira ya ambulansi, geti la munthu ndi pokhotera msewu ndi malo oyenera kuwapewa ngakhale pakhale makasitomala ochuluka bwanji. Kuikapo miyala kapena mabokosi pofuna kusunga malo kumangoputa mkangano ndi madalaivala komanso apolisi a pamsewu. Mawu aulemu kwa woimika galimoto, kumupempha kuti asunthe pang'ono asanazimitse injini, amathandiza kuposa kukalipa atakhoma kale zitseko.

Chachinayi, katundu agwirizane ndi nthawi. Zakudya zosachedwa kuonongeka zitulutsidwe pa nthawi yoona odwala, pomwe pakati pa nthawizi pamayenda za ogonera odwala: makala, ufa, mchere, mafuta ophikira a m'timapaketi, mabeseni, zitenje ndi matewera. Anthu amenewa amakhala masiku angapo, ena masabata, ndipo akamuzolowera wamalonda amamutumira uthenga pafoni n'kulipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Kasitomala wotere amamupeza ngakhale benchi litaphimbika ndi galimoto.

Chomaliza ndi ukhondo ndi umodzi. Thumba la zinyalala pambali pa benchi ndi tsache la madzulo zimachotsa chifukwa chachikulu chimene eni nyumba amadandaulira. Kumene mavenda ali ndi komiti yawo, komitiyo ingakumane ndi eni nyumba ndi khansala wa deralo kukambirana za malo oimikapo galimoto nkhani isanafike kwa marenja. Galimoto mu Blantyre zipitirira kuchuluka, ndipo misewu ya pafupi ndi Queens ikhala yomweyo. Amene adzakhalebe pamalopo chaka chamawa ndi wamalonda amene katundu wake akuoneka, pakhomo pa anzake n'poyera, ndipo mapepala ake ali m'thumba.