Masanje alowa m'foni

Ryan Kaji wa ku Texas anayamba kuoneka pa YouTube mu 2015 ali ndi zaka zitatu, akumasula zidole m'makatoni makolo ake akujambula. Pofika 2019 magazini ya Forbes inkati m'chaka chimodzi wapeza madola 26 miliyoni. Mwanayo ndi wosangalatsa, koma ukaonetsetsa upeza kuti kamera ndi ya akuluakulu, zochita amakonza ndi akuluakulu, ndipo kumbuyo kwake kwaima kampani. Anthu ambiri akamva za ana opanga mavidiyo amaganiza zoterezi.

Ku Chadiza, m'midzi ya mafumu Mlolo, Mwangala ndi Zingalume, ana anayamba kudzikonzera zisudzo kale foni isanabwere. Chimanga chikalowa m'nkhokwe amapita kukakunkha m'minda, n'kumanga timisasa ta mapesi kuseri kwa mudzi. Awo ndiwo masanje. Uyu akhala bambo, uyo mayi, wina mfumu yoweruza milandu, ndipo sipalephera fisi wodzaba ndiwo pamoto. Palibe wamkulu wogawa maudindo. Amakangana okha, kugwirizana okha, ndipo kamwana kamene sikanayambe kuyankhula bwino nakonso kamapatsidwa malo, kakhala khanda la pabanjapo. Madzulo pa nthano, wokamba sapita patali ngati anzake sakuvomera kuti "tili tonse".

Mzimu umenewu ndi umene ndimauona ana athu akagwira foni. Kawirikawiri foniyo ndi imodzi, ya achimwene, galasi lake long'aluka, yotchajidwa pa sola. Wina avala jekete la abambo ake lofika m'mawondo, apaka phulusa kumutu, ndiye ahedi amenewo. Atatu akhala pansi ngati ana ochedwa kusukulu. Wogwira foni akaseka, onse amukalipira: "Iwe wagwedeza, tiyambenso!" Ayambiranso mpaka batire lithe. Mavidiyo ambiri otere safika n'komwe pa intaneti, chifukwa bandulo ya Airtel kapena MTN imafuna ndalama ya sopo. Amayenda kuchoka foni iyi kupita iyo, kapena pa WhatsApp kupita kwa azakhali ku Chipata ndi ku Lusaka. Oonera ndi anthu omudziwa mwanayo ndi amayi ake omwe.

Amene afanana ndi ana athu ali ku Africa konkuno. Anyamata otchedwa Ikorodu Bois, a ku Lagos, ankatengera mafilimu otchuka pogwiritsa ntchito zomwe zili pabwalo. Mu 2020 anatsanzira kalambulabwalo wa filimu ya Extraction, wilibala ikuyenda m'malo mwa galimoto, mkulu wawo ndiye akulumikiza zithunzizo. Opanga filimuyo anaona n'kuwayamikira poyera, ndipo Netflix inawatumizira makamera. Chimene chinakopa dziko si zipangizo ayi, koma nzeru za ana angapo ogwirizana. Ku Uganda nako, Ghetto Kids anatchuka mu 2014 povina nyimbo ya Eddy Kenzo pamsewu wafumbi, ndipo mu 2023 anakafika pa mpikisano wa Britain's Got Talent ali gulu.

Nkhawa yanga imayambira pamene vidiyo yatuluka m'mudzi. Pa TikTok kapena Facebook oonera salinso azakhali. Ndi alendo, ena a mitima yabwino, ena ayi, ndipo chimene chakwera pamenepo kuchitsitsa n'kovuta. Mwana amene lero akuseketsa anthu chifukwa chachibwibwi adzakula, vidiyoyo ikadalipo. Komanso pakangomveka kafungo ka ndalama, wamkulu amalowerera, n'kusankhapo mwana mmodzi woseketsa kwambiri, enawo n'kuwabweza kunyumba. Sewero la onse lija limasanduka ganyu ya mmodzi.

Dziko la France linaona zimenezi ndipo mu 2020 linakhazikitsa lamulo: gawo la ndalama zimene mwana wapeza pa mavidiyo lizisungidwa mpaka atakula, ndipo mwanayo angapemphe yekha kuti vidiyo yake ichotsedwe, ngakhale makolo asanavomere. Zambia ili ndi Children's Code Act ya 2022 yoteteza ana, koma lamulo lolembedwa ku Lusaka silikhalapo pamene mwana wa kumalire a Mozambique akudina batani lotumiza.

Amene amakhalapo ndi agogo, atsibweni, aphunzitsi. Ndipo Achewa safunika kuphunzitsidwa kuti si zonse zimene zimaonetsedwa. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, amavinidwa pabwalo la Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete mwezi wa Ogasiti, mafoni ali m'mwamba kujambula. Koma kudambwe palibe wolowa ndi kamera, ngakhale kutsimba kwa anamwali. Malire omwewo ndiwo ndikupempha kuti tiwaikire ana athu. Wamkulu aone vidiyo isanatuluke: kodi yunifomu ikuulula sukulu yake? Kodi pali mwana wosavala, kapena wolira amene anzake akumuseka? Kodi onse ooneka m'menemo avomera, makolo awo akudziwa? Akakhutira abweze foni kwa eni ake, osayamba kuwalembera zonena kapena kuwasankhira woti atchuke. Ndipo ngati vidiyoyo idzabweretse kangachepe, wogwira foni uja awerengedwe nawo pogawa, ngakhale nkhope yake sinaoneke.