Kusunga ndi Kugulitsa Mtedza Pagulu

Mlimi wogulitsa mtedza payekha mu Meyi kapena Juni amafika pamsika mbewu itachuluka, ndipo wotchula mtengo amakhala wogula. Kuchokera mu 1987, pamene boma la Malawi linalola amalonda ena kugula mbewu pambali pa ADMARC, njira imodzi yopezera mtengo wabwino yakhala kusonkhanitsa zokolola m'makalabu ndi kuzigulitsa pamodzi zikayamba kusowa.

Komabe gulu likaphatikiza mtedza limaphatikizanso zilema zake. Choopsa kwambiri ndi chuku, chimene chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu saoneka ndi maso, satha ngakhale mtedza ukazingidwe, ndipo amaononga chiwindi. Maiko a European Union salandira mtedza wodya umene uli ndi aflatoxin woposa magawo 4 pa biliyoni. Popeza wogula amangotapa pang'ono m'matumba angapo kuti akapime, thumba la munthu mmodzi likhoza kukanitsa katundu wa kalabu yonse.

Nchifukwa chake ntchito yaikulu ya mlangizi ili pakhomo la nyumba yosungiramo, thumba lisanalowe. Alimi ena amawaza madzi pa makoko kuti afewe poswa, ena amanyowetsa mtedza kuti ulemere pa sikelo. Onsewa amaitana chuku, ngakhale oyambawo sadziwa kuti akulakwa. Mtedza uyenera kuuma mpaka uzilira m'makoko ukagwedezedwa. Ndi bwino kuusunga wosaswa, ndi kuuswa wogula akapezeka, pakuti khoko limauteteza ku chinyezi ndi tizilombo.

Thumba lililonse lipimidwe eni ake akuona, lilembedwe nambala yawo, ndipo kulemera kwake kulowe m'buku la kalabu. Popanda zimenezi, mlimi wosamala amalipira zolakwa za mnzake, ndipo chaka chotsatira sabweranso. Matumba asanjidwe pa mitengo, asakhudze pansi kapena khoma, ndipo denga likhale losadontha.

Alangizi afunsenso kumene mtedza wokanidwa ukupita. Kawirikawiri wonyala, wosweka ndi wachuku umabwerera kunyumba, amayi nkuusinja nsinjiro zothira m'ndiwo ndi m'phala la ana. Motero kalabu imatumiza mtedza wabwino kutali, poizoni nkutsalira m'mudzi. Mtedza wachuku usadyedwe, usapatsidwenso ziweto, chifukwa poizoniyu amalowa mumkaka wa ng'ombe. Ukwiriridwe kapena utenthedwe komiti ikuona.